Chimene Anang Anafufuta Lachinayi

Anang ankadziwa Chigwa cha Mchere kuposa mmene ankadziwira misewu ya mumzinda wa Malang kumene anabadwira. Gemuyi anayamba kuisewera ali kusekondale, m'kanyumba ka makompyuta olipira pa ola kuseri kwa msika, momwe fungo la ndudu ndi masokosi silinkatha. Anthu a m'gemumo anali timadontho tamakonamakona, mawu onse anali m'Chingerezi, ndipo iye ankasewera dikishonale ili pamwendo. M'mapanga a pansi pa phiri anasocheramo miyezi itatu, mpaka anajambula yekha mapu m'kope la masamu. Anzake awiri, Gatot ndi Munir, ankachita kumunyengerera kuti awabwereke kopelo.

Tsopano anali ndi zaka makumi anayi, kamimba, ndi shopu ya fotokope pafupi ndi yunivesite. Koma pagulu lawo la pafoni, nkhani ikafika pa Chigwa cha Mchere, womaliza kulankhula ankakhala iyeyo.

Kenako gemu ija inakonzedwanso. Timadontho tija tinasanduka anthu ankhope, atsitsi louluka ndi mphepo, olankhula ndi mawu enieni, ndipo zolemba zonse anaziika m'chinenero chawo. Anang anaigula tsiku lomwe inatuluka, kuisewera mphindi makumi anayi, n'kuitseka.

"Aiwononga," anauza anzake aja Loweruka masana, atakhala pabenchi la wogulitsa bakso, msuzi wa timibulu ta nyama, mbale zikufuka nthunzi. "Kamuvi kakukulozera njira ngati ndiwe mlendo padepoti. Ulendo ukhoza kuusunga paliponse, ngakhale pakamwa pa chinjoka. Ife tinkasunga pachitsime pokha. Ukafa usanafike pachitsime, maola atatu apita. Ija ndiye inali gemu. Iyi ndi phala la ana."

"Koma nyimbo, Nang," anatero Munir. "Nyimbo ya padoko ija ndi mmene aiimbiramo tsopano, ine misozi inalengeza."

"Iwe umalira ngakhale akamatsatsa sopo pa TV."

Gatot anapukuta pakamwa. "Ine ndili ndi ana atatu ndi bwana wolusa. Miyezi itatu yosochera m'phanga ndiitenga kuti? Kamuviko kandisiyireni."

"Ulesi basi," anatero Anang, ndipo awiriwo anangoseka, chifukwa pankhani iyi ankamusiya apambane.

Mkazi wa Anang, Ninuk, anali mphunzitsi wa masamu kupulaimale. Zaka khumi ndi zisanu za m'banja anali asanagwirepo gemu iliyonse. Koma kumapeto kwa Juni sukulu zinatsekera, mayeso anali atachonga kale, ndipo m'mawa wina wozizira anafunsa mwamuna wake ali kumanga zingwe za nsapato.

"Mas, ndiyeseko kagemu kanu kaja?"

"Yesa, Dik. Koma sufika patali." Kwawoko mwamuna amamuitana mwaulemu kuti Mas, mkazi kuti Mbak, ndipo mwamuna amaitana mkazi wake kuti Dik.

Ninuk ankasewera m'mawa akatha kusesa, tiyi ali pambali. Ankasewera modabwitsa. M'mudzi uliwonse wa m'gemumo ankalowa nyumba ndi nyumba, kulonjera aliyense, kuwerenga kalata iliyonse mpaka pansi. Anang akabwera kudzadya masana ankayang'ana pasikirini n'kupukusa mutu. Munthu wanyamula lupanga koma ali kumvetsera madandaulo a wogulitsa nsomba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, akudya mpunga ndi tempe wa soya wokazinga, Ninuk anati, "Agogo a dzanja limodzi aja ndatopa nawo. Tikangokwera kaphiri ayamba kudandaula mawondo."

"Ndani, Tobrin? Wafika pati?"

"Mlatho ndinawoloka dzana."

Anang anaika supuni pansi. Tobrin anali msilikali wokalamba amene m'gemu yakale ankatsala yekha pamlatho kutsekereza adani kuti anzake athawe, n'kufera pomwepo. Anang ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analira pamalo pamenepo, n'kunamizira utsi wa ndudu.

"Tobrin amafera pamlatho," anatero.

"Wanga sanafe. Ndinapeza mwana wake wamkazi kumudzi wa ophika mchere, anandipatsa kalata. Agogowo atawerenga anati sakutsalanso."

Madzulo ake Anang anaimbira Gatot kuti amudandaulire za mmene awonongera nkhani. Kumeneko ndiye analakwitsa. Gatot anangokuwa kuti, "Tobrin amapulumuka?" Pasanathe mphindi zisanu Ninuk anali atalowetsedwa m'gulu la pafoni.

Kuyambira pamenepo foni ya Ninuk sinkapuma. Mbak Ninuk, kiyi wa kundende ali kuti? Mbak Ninuk, mfiti ya kudambo tiikhulupirire? Munir anayamba kumutchula kuti aphunzitsi athu. Anang analemba uthenga wautali, ndime zinayi, kufotokoza kuti imfa ya Tobrin ndiye inali mtima wa nkhani yonse, ndipo kuichotsa n'kunyoza amene anakula nayo. Gatot anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Pansi pake Ninuk analemba kuti, "Mfitiyo ndi wabodza," ndipo mayankho anabwera makumi awiri.

Loweruka anzake aja anauza Anang kuti abwere ndi mkazi wake. Ninuk anakhala pakati pabenchi, pamene Anang ankakhala zaka zonsezi, iye n'kukhala kumapeto, thako limodzi m'malere.

"Tiuzeni zoona, Mbak," anatero Gatot. "Yakale ndi yatsopano, yabwino ndi iti?"

"Yakaleyo sindinaisewerepo," anayankha Ninuk. "Koma mmene amaifotokozera Mas Anang, imamveka ngati chilango chimene ndimapereka kwa ana ochedwa."

Munir anaseka mpaka kutsamwa, kenako anaitanitsa madzi a malalanje ozizira a aphunzitsi. Anang anathira tsabola supuni zitatu m'mbale mwake osaona, n'kudya yense thukuta lili kamukamu, kuti pasakhale womufunsa chimene maso afiirira. Sikuti Ninuk ananama. Chinamuwawa n'chakuti Gatot, yemwe kale ankakopera mapu ake atagwada pansi, tsopano ankayang'ana pakamwa pa wina.

Lachinayi Ninuk anapita kukaona mayi ake kutsidya kwa tawuni. Anang anabwera masana kunyumba, napeza laputopu ili chitsegulire patebulo. Anangofuna kuona. Pasikirini panalembedwa dzina la Ninuk, maola makumi anayi ndi limodzi, ndi malo: pachipata cha nsanja yomaliza. Iye pachipata chimenecho anafikapo patatha zaka ziwiri.

Anakhala pansi. Panja wogulitsa buledi anadutsa ndi kanyimbo kake. Anang anasuntha mausi n'kudina pofufutira ulendo wa Ninuk. Gemu inamufunsa ngati akutsimikiza. Anavomera. Inamufunsanso kachiwiri, ndi zilembo zofiira. Anavomeranso.

Atabwerera kushopu anachita fotokope buku lonse la mtsikana wina chadodolido, masamba zana limodzi, mpaka mtsikanayo anamufunsa ngati akudwala.

Dzuwa lisanalowe anafika kunyumba. Ninuk anali pakhonde akusadzula masamba a ndiwo, laputopu ili yotseka pambali pake.

"Mas, munabwera masana?"

"Ayi. Eya, pang'ono. Ndinaiwala makiyi."

"Ulendo wanga palibe."

"Makompyuta amatero nthawi zina, Dik."

"Imafunsa kawiri, Mas."

Anang anayang'ana njinga yake yamoto, anayang'ana waya woyanika zovala, anayang'ana zala zake. Anadikira kuti akalipiridwe, mwina zikanamupepukira. Ninuk anapitiriza kusadzula masamba mpaka anatha.

"Mas Gatot ndi Mas Munir sindiwauza," anatero pomaliza. "Koma mundibwezere pomwe ndinali. Pachipata cha nsanja, Tobrin ali moyo. Inuyo, ndi manja anu omwewo."

M'mawa mwake Anang ananyamula laputopu kupita nayo kushopu. Ophunzira ambiri anali patchuthi, makina ankangokhala, ndiye nthawi inalipo. Anafukula ngakhale kope lake lakale la masamu, lamasamba achikasu, poganiza kuti masiku anayi akwana.

Kopelo linamusocheretsa. Khoma lobisika limene ankalidziwa linali khoma lenileni tsopano, anangodzigunditsapo. Chinjoka cha kuphanga, chimene kale chinkaima malo amodzi kudikira kumenyedwa, chinkauluka n'kumutera kumsana. Chinamupha kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu anasunga ulendo wake pakhomo penipeni pa phangalo, atayamba wayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu womudziwa.

Pamlatho Tobrin anafa. Anang anabwerera m'mbuyo, kuthamanga m'mudzi wa ophika mchere, kugogoda zitseko zonse, osapeza mwana wa munthu. Tobrin anafanso. Masiku awiri anapirira. Tsiku lachitatu, Ninuk akusita, anaima pakhomo n'kukhosomola.

"Dik, mwana wake uja amakhala kuti?"

"Mukufunsa ine, Mas? Wodya phala la ana?"

"Mawu amenewo anakuuza ndani?"

"Munalemba nokha pagulu. Ndinawerenga zakumbuyo zonse." Anatembenuza malaya. "Ndi mayi wogulitsa mchere pafupi ndi chitsime. Mugule kwa iye katatu, ndipo akayamba kulankhula musamudule. Inu mumadina msanga."

Anang anagula mchere katatu ndipo sanadule. Mayiyo anakamba za bambo ake amene anapita kunkhondo iye ali wamng'ono, za mpando umene amausiyabe wopanda munthu pa chakudya. Pamlatho, mkulu wa dzanja limodzi uja anatsegula kalata ndi mano, kuiwerenga, kenako n'kunena kuti, "Tiyeni tiwoloke tonse." Kutsogolo kwa kauntala kunali bambo wina atanyamula chiphaso chake, akudikira fotokope. Anang anapukuta kumaso n'kumuuza kuti fumbi la inki limavuta m'nyengo ino.

Pagulu sananene kanthu. Ankangowerenga anzake akufunsa Ninuk, mtima ukumudya, makamaka pamene ankadziwa yankho koma osatha kufotokoza kuti walidziwa bwanji.

Patatha milungu itatu, Lamlungu m'mawa, anaika laputopu patsogolo pa mkazi wake. Chipata cha nsanja chinali pasikirini, Tobrin ataima pambali akusisita bondo. Maola makumi asanu ndi asanu ndi atatu.

Ninuk anayang'ana bwinobwino, ngati akuchonga ntchito ya mwana. "Mwasiya chishango cha mkuwa, koma palibe kanthu. Mwakwanitsa." Anamwako tiyi. "Ine ndinamaliza kale, Mas."

"Unamaliza chiyani?"

"Gemu. Iyi yatsopanoyi imasunganso ulendo pa intaneti. Ndinaubweza Lachinayi lomwelo, inu musanafike n'komwe. Ndinkamalizitsa palaputopu ya mng'ono wanga."

"Ndiye milungu itatu yonseyi?"

"Munafufuta kapena simunafufute?"

Anang anakhala pampando, manyazi ndi mkwiyo zikulimbirana malo. Koma funso limene linatuluka linali lina.

"Maola angati onse pamodzi?"

"Makumi anayi ndi asanu ndi limodzi."

"Koma gemu unaiika pa zophweka."

"Pa zapakati, Mas. Ngati inu nomwe."

Loweruka lotsatira, pabenchi la bakso, Anang anadikira mpaka mbale zitafika theka. Kenako ananena, mosamala ngati woweruza, kuti waiyesanso gemu ija. Yakale inali yoposabe, pamenepo sasintha. Kamuvi n'kachipongwe. Koma za pamlatho, akaganiza bwino, sanalakwitse kwenikweni. Komanso chinjoka chouluka chili ndi nzeru zake.

"Zimenezo Mbak Ninuk anatiuza mwezi watha," anatero Gatot, n'kutembenukira kwa Ninuk. "Mbak, mfumukazi ija ikagawanika pawiri, timenye iti?"

Ninuk anayang'ana mwamuna wake pang'ono, ngati akumupatsa mpata. Anang sankadziwa. Anali asanalowe m'nsanjamo.

"Ya kumanzere ilibe chithunzithunzi," anatero Ninuk. "Menyani inayo."

Atafika kunyumba Anang sanalowe m'nsanja. Anayamba ulendo watsopano, kuyambira pachiyambi, pa zovuta kwambiri, ndi wotchi yake ataivula n'kuiika pambali pa kiyibodi. Anali ataganiza kale mowerengera: akadumpha midzi iwiri ndi kuwoloka dambo osaima, akhoza kumaliza m'maola makumi anayi.

Ninuk anadutsa kumbuyo kwake atanyamula zovala zouma. Sanaime n'komwe.

"Mwasiya bokosi kuseri kwa mtengo uwo."

"Ndaliona. Mulibe kanthu."

"Chabwino, Mas."

Anang anapitiriza kuyenda kutsogolo, khosi lili gwa. Anamvetsera mapazi a mkazi wake mpaka chitseko cha kuchipinda chitatsekeka. Kenako anatembenuza munthu wake n'kubwerera kumtengo kuja. M'bokosimo munali nsapato zothamangitsa.