Tsempho ndi Chiponde

Maria anadina phazi la mwana wake ndi chala, n'kuchichotsa. Kadzenje kanatsala pomwepo ngati wadina mbatata yophika. Anadikira kuti kafafanizike, koma sikanafafanizike. Elsie, wa zaka ziwiri, sanalire n'komwe. Anangomuyang'ana ndi maso otopa, masaya atatupa, tsitsi litafiira ngati ndevu za chimanga.

A Jacqueline, mlangizi wa zaumoyo amene amazungulira pa njinga m'midzi ya kwa Maganga, anali atanena kale mosapsatira kuti uku ndi kunyentchera. Mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo, akamwe mkaka wa kumeneko, kenako azikalandira chiponde, chakudya cha mtedza cha m'timapaketi chija chimene chimadzutsa ana. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo Elsie chisiyireni kuyamwa ankakhalira phala la chinangwa lopanda ndi nsinjiro zomwe.

Koma Maria anali pachitengwa, kwawo kwa mwamuna, ndipo kumeneko mwana sanyamuka ndi mawu a mayi wake okha. Apongozi ake atauona mwendowo anagwedeza mutu nati ili ndi tsempho. Mwana satupa popanda chifukwa: mmodzi mwa makolo ake wayenda njira yachigololo, n'kubwera kudzagwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo thupi likadali lotentha. Anatinso mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni asanamwe mankhwala achikuda amafera pomwepo, ndipo mankhwalawo sagwira ntchito wolakwa asanaulule. Akale ankati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Apa mwambi unatembenuzidwa, akuti zodya akulu zapota mwana.

Nanga wolakwayo akanakhala ndani? Yesaya, mwamuna wa Maria, anali ku Mbenji kopha nsomba, pachilumba pamene mkazi saponda phazi. Mwamboyo inamuyeretsa mbee, ngakhale sopo sangathe. Zoti asodzi amaolokera kumtunda kukagulitsa nsomba, n'kuchedwako m'matumba muli kanthu, palibe anafuna kuzikumbukira. Khoswe wa pamkhate sapheka. Maso onse anatembenukira kwa mtengwa.

Apongozi anamulanda Maria mwana. Anamuletsanso kugwira mchere. Elsie ankaswera kumsana kwa agogo ake, miyendo yotupayo ikulendewera, ndipo Maria ankangomuona patali akamatsuka mbale. Mtima unkamuwawa kwambiri, chifukwa iye sanadziwepo mwamuna wina chikwatiwireni. A Jacqueline atabweranso, analandiridwa ndi mpando ndi ulemu wonse, n'kuuzidwa kuti mwana abwera mawa. Mawalo silinafike.

Yesaya anaitanidwa pafoni, nafika. Maria anaganiza kuti mpulumutsi wake wabwera. Anamugwadira kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu, namupempha kuti anyamule yekha mwanayo apite naye kuchipatala, popeza iye palibe angamuletse. Yesaya anati akuluakulu amadziwa zimene akunena, ndipo iye sangaphe mwana wake ndi jakisoni chifukwa cha munthu wouma mtima.

M'mawa mwake Maria anaona kuti khungu la m'miyendo ya Elsie layamba kusupuka. Mwana anakana phala, anakana ndi madzi omwe. Pamenepo Maria anaiyeza nkhani yonse mumtima mwake. Mbiri yake yabwino inali chuma chokhacho chimene anabwera nacho pamudzipo, koma mbiriyo sikanalowa m'kamwa mwa mwana. Anachita mantha, anachitanso manyazi ndi tchimo limene sanalichite. Anamanga chitenje chake bwinobwino, napita kukagwada pakhonde pamene panakhala apongozi ndi mwana wawo.

"Amayi, ndine," anatero. "Anali wogula nsomba wina wa ku Lilongwe. Dzina sindinamufunse."

Munthuyo anamupeka dala wopanda dzina, kuti pasapezeke wina wodzamenyedwa chifukwa cha bodza lake. Apongozi anausa moyo ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Zinthu zinayenda msanga modabwitsa. Dzuwa lisanafike pamutu sing'anga anali atabwera, mizu yanyikidwa, mwana wamwetsedwa. Masana anamubwezera Maria mwana wake, pamodzi ndi kathumba ka zovala zake, kamene kanali uthenga wokwanira woti akatuluka kuchipatala asadzalowerenso njira ya kumudziko.

Kuchipatala Elsie anatsala pang'ono kutsirizika, koma mkaka uja unamugwira. Kutupa kunaphwa, n'kutsala kamwana ka mafupa okhaokha. Kenako anayamba chiponde, poyamba monyinyirika, pambuyo pake mosusuka mpaka kunyambita pepala. Atatuluka, Maria anapita naye kwawo ku Chinguluwe, kumene mbiri inali itamutsogolera kale. Azimayi ankatsitsa mawu iye akamafika pamjigo. Iye ankagwira ganyu m'minda ya mpunga, ndipo tsiku la sikelo ankakatenga timapaketi ta mwana wake. Kalamba koyezera mkono kanachoka pofiira, kanadutsa pachikasu, kanafika pobiriwira.

Chilumba cha Mbenji chitatsekedwa kwa asodzi mvula itayamba, Yesaya anatulukira ndi kajumbo ka utaka wouma. Anapeza Elsie akuthamangitsa anapiye pabwalo, masaya ali odzaza ndi mnofu weniweni, tsitsi lakuda likumeranso. Anamuyang'anitsitsa, misozi ikulengeza. Maria anamuyalira mkeka, ndipo kamtima kena kopusa kanamuuza kuti mwina lero choona chituluka.

"Mayi a Elsie," anatero Yesaya motsitsa mawu, "ine ndinali ndi kachikayiko. Ndinkati mwina munangovomera pofuna kupulumutsa mwana. Koma taonani mmene wachirira. Ndiye kuti zinali zoona."

Umboni wotsutsa Maria, mwana wake yemwe, unali ukubwera chothamanga, ukuseka, manja atatambasula kufuna chakudya chake. Maria anaunyamula n'kuukhazika pamiyendo. Anatenga kapaketi kotsiriza ka chiponde, nakang'amba pakona ndi mano, n'kuyamba kufinyira pang'onopang'ono m'kamwa mwa mwana wake.