Makumba a Filesi

1.
Zake zokha. Madamu a kalabu ya nsomba alipo khumi ndi awiri, khumi ndi limodzi akununkha, koma m'damu la Filesi makumba akungolumpha ngati kulibe mliri.

2.
Masamba a nimu.
Masamba a gwafa.
Adyo wosinja.
Kunyika masiku awiri, kusefa pachitenje chakale, kusakaniza ndi madeya.
Basi. Palibenso china.

3.
Zilonda zitayamba kudya nsomba mwezi wa Juni Filesi sanabise mankhwala akewo, anawauza pamsonkhano ataimirira, ndowa ili m'manja, koma a Mwatsika apampando anaseka mpaka kutsokomola, ati mayi nsomba si mwana wotsegula m'mimba, ife tiitanitsa botolo la mankhwala kutauni, ndipo botolo linabweradi lolembedwa Chingerezi mbali zonse, anathira, anathiranso, nsomba n'kumangoyandama mimba m'mwamba, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka ndowa ija, anthu inu

4.
Kumjigo.
Zake zokha bwanji?
Akuti amathira masamba.
Masamba? Musandiseketse. Zathu wazilodza ndi iyeyo.

5.
Edesi, mlamu wake weniweni wa Filesi, anabweza mbale isanavundukulidwe. Alamu, ana anga musamawapatse nsomba zanuzi.
Kenaka mawu ochokera kuchimuna: chinkhoswe cha Tadala, mwana mmodzi yekhayo wa Filesi, chiyambe chaima. Tamva zinazake.
Tadala anasiya kudya. Filesi zinamuwawa, zinamuwawa zedi. Mlandu wake unali nsomba zamoyo.

6.
Lachinayi madzulo damu la Filesi linayera mbuu! Nsomba zonse zafa, ndi tiana tomwe.
Mudzi unathamangira konko. Edesi analira kuposa mwiniwake.
Pepani mayi, anatero a Mwatsika, chipewa chili m'manja. Matendawa sasankha. Masamba anu aja tinakuuzani.
Munandiuzadi, bambo.
Sabata isanathe akuchimuna anatchula tsiku la chinkhoswe.

7.
Lachinayi lomwelo, masana, anthu ali kumsika.
Kuseri kwa dimba kuli katupe, uja anthu amaphera nsomba kumtsinje. Nayenso ndi masamba. Filesi anathyola yekha, anasinja yekha. Atafika pamphepete pa damu lake makumba anasonkhana onse, kukamwa yasa, poti anazolowera kuti mayiyu akabwera ndiye kuti chakudya chafika.
Anathira. Sanalakwitse muyeso. Pa masamba sanalakwitsepo.