Makutu a Bulu

"Ababa, m'nyumba ya maliro sakoleza moto," anatero Nunzia ataona bambo ake akutsitsa thabwa lokandirapo ufa.

Bambo Oronzo anaika thabwalo patebulo. Chiikireni akazi awo, Addolorata, m'manda, anansi ndiwo ankabweretsa chakudya monga mwa mwambo, koma iwo ankangolawa n'kukankha mbale. Nunzia ndi mchimwene wake Cataldo anali atapangana kale kumbali: Loweruka mkuluyu akwera nawo sitima ya ku Torino, nyumba itsekedwe. Munthu wosadziwa ndi pomwe pamakhala mchere angatsale bwanji yekha?

"Kwathu chipinda chilipo," anatero Cataldo. "Inu kuwiritsa dzira lokhalo ndi nkhondo."

"Tandipatsira mpeni uwo, iwe," anatero bambowo.

Anathira ufa wa tirigu pathabwa, n'kuboola pakati, n'kutsanuliramo madzi ofunda. Manja ozolowera kudulira mitengo ya maolivi aja anakanda mosapupuluma. Kenaka anapota ufawo ngati chingwe, n'kumadula tizidutswa, kukoka ndi mpeni, kutembenuzira pa chala chachikulu. Tizidutswa ta pasita tooneka ngati timakutu tinayamba kundanda pathabwapo.

Nunzia anatola kamodzi. Kanali ndi dzenje lalikulu, la chala cha mwamuna. Anakumbukira phukusi la timakutu lomwe amayi ake anamutumizira pa Khirisimasi. Iye anawaseka pafoni kuti timakutu tawo tasanduka makutu a bulu, iwo n'kungoti, "Ukalamba, mwanawe."

"Amayi anayamba liti kukuphunzitsani?" anafunsa Nunzia.

"Titangochoka kwa dokotala. Anatseka mazenera kuti anzanga asandione, n'kunena kuti, 'Oronzo, ine ndikapita anawa adzakunyamula ngati katundu. Kasambe m'manja.' Nanga Addolorata ukanamukanira?"

Cataldo anaseka pang'ono, kenaka anatembenukira kukhoma. Nunzia anagwidwa ndi chisoni komanso manyazi. Amayi ankadziwa kuti akupita, ndipo ankadziwanso bwino zomwe ana awo adzachite.

Nunzia anadzuka n'kuyatsa yekha moto. Anansi anene zonena zawo. Anawiritsa timakutu pamodzi ndi masamba a mpiru, n'kukazinga adyo m'mafuta. Atakhala patebulo, Cataldo anatafuna nthawi yaitali asanalankhule.

"Mchere mwaumira, Ababa. Koma basi, matikiti ndigula awiri okha."

Bambowo anali akusankha ndi supuni timakutu tong'ambika ndi tokhuthala, n'kumatiunjika m'mphepete mwa mbale yaikulu, mbali ya mpando wopanda munthu.

"Mukufuna kutaya timeneto?" anafunsa Nunzia.

"Ayi. Timeneti ankadya ndi amayi ako. Ankati topindika ndi timene timagwira bwino mafuta. Ine ankandipakulira tabwino tokhatokha, kuti ndiziona ngati ndikukhoza."

Anatapa supuni yodzaza, dzanja n'kuima m'malere, osadziwa kolowera nalo. Nunzia anakankhira mbale yake pansi pa supuniyo.