Msoko Wosatulutsa Mpweya

Dzuwa la pa mgodi lilibe chisoni, makamaka ukaima pa pulasitiki wakuda amene anamuyala m'damu lonse. Nsapato zimachita kumata. Damulo linali loti lizisunga madzi a mankhwala otsukira miyala, madzi oti mbuzi ikangolawa, kwake kwatha. N'chifukwa chake msoko uliwonse wolumikiza zinsalu za pulasitikizo unkayesedwa, ndipo woyesa anali mayi wina wamfupi, waliuma, amene anzake anamutcha Nasingano.

Makina owotcherera amasiya mizere iwiri, pakati pake kanjira ka mpweya. Nasingano ankatseka kanjirako uku ndi uku, kubaya singano, kupopa, n'kuyang'anitsitsa muvi wa geji yoyezera mpweya mphindi zisanu. Muvi ukapanda kutsika, munthu wina ankadula kumapeto kwa msoko, uko kutsidya, kuti mpweya utuluke kuti fyuu. Popanda fyuu ameneyo ndiye kuti kanjira katsekeka penapake, ndipo mwangoyesa chidutswa chabe.

Wodula anali achimwene ake enieni, wowotcherera wamkulu pamalopo, amene anamuphunzitsa ntchitoyi ali wosadziwa n'komwe kugwira sipanala. Popeza kapitawo ankangoti changu changu, awiriwa anapangana chidule. Mphindi zikakwana, Nasingano ankatseka kampopi ka singano, kumasula geji, n'kuthamangira msoko wina. Achimwene akadula n'kumva mpweya, ankakweza dzanja. Nasingano n'kulemba m'buku kuti zili bwino.

Lachinayi geji inakana kumasuka. Ali mkati molimbana nayo, anaona dzanja lija lakwera kutsidya. Anatsegulanso kampopi kaja n'kuyang'ana muvi. Uli njoo, pomwe unali, osagwedezeka: mpweya sunatuluke.

Anawoloka damu lonse thukuta lili kamukamu, napeza achimwene atagwada, akupukuta mpeni.

"Achimwene!" Zii. "Achimwene, inu!"

Mpaka anawagwira paphewa m'pamene anadzidzimuka.

"Iwe, ufuna undiphe ndi mtima? Ukuyenda ngati mphaka bwanji?"

"Mpweya mwaumva?"

Achimwene anamuyang'ana pakamwa, osati m'maso. Nasingano anabwereza pang'onopang'ono, ndipo apo achimwene aja anagwetsa nkhope.

"Mwana wa mayi, makutu anapita chaka chatha," anatero. "Zaka makumi awiri ndili pambali pa jenereta. Mabwana akadziwa andichotsa. Misoko yanga ndimaidziwa, siinandichititsepo manyazi. Ndimati ndikadula, ndiye kuti watuluka."

Kalanga ine! Nasingano anamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, ndipo mkwiyo wambiri unali wodzikwiyira yekha. Geji ili m'manja mwake masiku onsewa, ankathamangira chiyani? Anatsegula buku. Misoko khumi ndi umodzi anailemba kuti ndi yabwino chifukwa cha dzanja lokwezedwa basi. Yonseyo inali itakwiriridwa kale ndi mchenga. Mwina inali yabwinodi. Mwina umodzi wokha unali ndi kabowo konga diso la nyerere, ndipo madzi aja sasowa njira.

"Msoko uno wokha ndiukonza pompano," achimwene ananong'ona, koma kunong'ona kwake kofika patali. "Inayo isiye. Amene akudziwa ndi iwe ndi ine."

Kapitawo anatsetsereka m'damumo, chipewa chili m'manja, kumbuyo kwake anthu oyala pulasitiki anayi.

"Mayi, sainani tizipita. Woyendetsa katapila wokwirira mchenga akungowotcha mafuta uko. Lolemba tikuthira madzi."

Nasingano anayang'ana bukulo, cholembera chili m'manja. Magazi ndi magazi, ndani sakudziwa? Koma dzanja linakana.

"Sindisaina, bwana. Afukule mchenga wonse kuyambira msoko woyamba. Sitinaiyese bwino. Ine sindinkadikira geji, ndipo achimwenewa mpweya sankaumva. Samva."

Onse anangoti kukamwa yasa. Kapitawo anavala chipewa chake pang'onopang'ono.

Achimwene anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, kenaka anamwetulira mwamantha n'kukoka mkono wa mlongo wawo.

"Wawauza chiyani? Wati zili bwino eti?"

Panalibe kothawira. Nasingano anaima patsogolo pawo penipeni, pomwe akanatha kuona milomo yake, ndipo pamaso pa anthu onsewo anayamba kubwereza mawu aja mokweza, misozi ikutsika.