Mabotolo a Mkamwini

Zilole anafika ku Kaphuka, m'boma la Dedza, kwawo kwa mkazi wake Alinafe, atanyamula mabotolo a madzi abuluu. Amamaliza digiri yachiwiri ku Zomba, ndipo aphunzitsi ake anali atamuuza mosabisa kuti popanda kamwala kooneka bwino komera m'madziwo, digiri aiwale.

M'madzimo munali mkuwa ndi mankhwala okhala ndi nayitirojeni. Mankhwalawo amagwira mkuwa uku ndi uku, monga momwe nsungwi zimalumikizira mizati ya nkhokwe, mpaka pamapangika timiyala ta timabowo mkati. Zimangofuna malo ozizira ndi botolo losagwedezeka. Kuzizira ku Dedza sagula.

Anawaika pashelefu pabalaza, m'kanyumba kawo koyandikana ndi ka apongozi ake, mayi Falesi. Patapita masiku, pansi pa botolo lililonse panali matope okhaokha.

Zilole anayamba kufufuza chimene chimagwedeza mabotolowo. Malole a kachewere amadutsa kutali. Mphaka pashelefupo safika. Anawaza phulusa mozungulira mabotolowo kuti wowagwedzayo asiye mapazi, napita kumsika. Pobwerako anapeza patapukutidwa, mabotolo atandandalikidwa motsata msinkhu.

"Ndi amayi," anatero Alinafe. "Ndikapita kuntchito amadzatisesera. Amakhutchumula kuti aone ngati zapsa."

"Uwauze asiye."

"Ndinawauza. Akuti mankhwala opopera kachewere nawonso ndi abuluu, ndipo osakhutchumula sagwira ntchito. Kawauzeni nokha, bambo asayansi."

Zilole anasuzumira pazenera. Mayi Falesi anali pakhonde pawo, akusankha mbewu. Chikwatirireni anali asanayang'anane nawo m'maso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'munda. Ndiye nkhani yawo yoyamba ikhale yowaletsa kusesa?

Anaganiza mpaka anayamba kuseka yekha. Ulemu womwewo umamanganso mbali inayo: mpongozi salowa kuchipinda kwa mkamwini. Anasakaniza madzi atsopano, mabotolo n'kuwalowetsa kunsi kwa bedi.

Mwezi usanathe, m'botolo limodzi munamera timiyala tabuluu, ta ngodya zakuthwa, tonyezimira. Alinafe anapita nalo pakhonde, ataligwira ndi manja awiri, osalipereka. Zilole anaima kuseri kwa chitseko.

Mayi Falesi analiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, kenako anakweza mawu, maso ali pa mwana wawo.

"Uwauze bambowo kuti zabereka bwino. Koma akanakhutchumula, zikanakula kuposa apa."

"Uwauze amayi kuti ndamva," anayankha Zilole, akufunafuna thonje lokulungira botololo popita nalo ku Zomba.