Maso Ouma a Mayi Thoa

Zaka makumi awiri Mayi Thoa akulira maliro a eni m'midzi ya ku Nam Dinh, palibe anadandaulapo. Ndiyo inali ntchito yawo. Banja likaferedwa limaitana gulu la Bambo Khang, la malipenga ndi ng'oma, ndipo Mayi Thoa ankagwada pambali pa bokosi n'kumalira m'malo mwa ana a malemu.

Chinadzawavuta ndi chikhodzodzo. Kungogwada pang'ono, mkodzo uja wafika, osapereka ndi mpata womwe. Tsiku lina anadzambatuka pakati pa nyimbo n'kuthamangira kuseri, khamu lonse likuona. Manyazi ake! Adokotala anawapatsa timapiritsi, vuto n'kutha. Koma timapiritsito tinaumitsanso maso. M'masomo munkangomveka ngati mwalowa mchenga, msozi ndi umodzi womwe osatuluka.

Bambo Khang sanapsatire mawu. Anati asiye mankhwalawo, kapena azipaka mafuta a chimfine m'munsi mwa maso monga amachitira olira atsopano, apo ayi maikolofoni apatsa wina. Mayi Thoa anakana zonse ziwiri. Anati zothamangira kuseri sabwererako, ndipo misozi ya m'botolo ndi ya anthu opanda luso. Makani a mayi ameneyu, inu, ngosayamba.

Lachinayi m'mawa anakalira maliro a mayi wina wogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Mwana wamkulu wa malemu, Bambo Vuong, anali atafika kuchokera ku Hanoi, nsalu yoyera ya maliro kumutu, foni m'manja. Mayi Thoa anali atafunsiratu mbiri kwa aneba. Analira za manja amene anang'aluka ndi kupera soya, za chipinda chimene chinkasesedwa chaka chilichonse kudikira mwana wosabwera. Azimayi pabwalo anayamba kusisima. Koma Bambo Vuong ankangowayang'anitsitsa Mayi Thoa kumaso, kenaka anadandaula mokweza kuti awabweretsera munthu wolira ndi pakamwa pokha.

Bambo Khang anasendera pafupi, kabotolo kobiriwira ka mafuta aja kali m'manja. "Achemwali, chonde, ingopakani."

Mtima unawapweteka Mayi Thoa, ndipo mantha analiponso, poti anadziwa kuti ntchito ikhoza kuthera pomwepo. Anaimirirabe, maikolofoni ili chiyakire, n'kutembenukira kwa Bambo Vuong.

"Bambo, anga maso anauma ndi mankhwala, adokotala akudziwa. Nanga anuwo waumitsa ndani? Agona m'bokosimu ndi mayi anu, si anga."

Bambo Vuong anaika foni m'thumba, kuitulutsanso, kusowa poyang'ana. Bambo Khang anatambasula dzanja kuti alande maikolofoni, koma mlongo wake wa Vuong, amene anadwazika malemuwo yekha mpaka tsiku lomaliza, anawagwira mkono.

"Asiyeni," anatero. "Mayi, yambirani pachipinda paja. Achimwenewa sanamve bwino."

Mayi Thoa anagwadanso, maso ali gwa, n'kuyambira pomwepo.