Msana wa bwato la mayi

Amene adakhoma bwato lija ndi kalipentala, koma nzeru zake zinali za mkazi wake. Mayiyo ndiye adalijambula pakatoni ya filiji: lowonda, la msana wakuthwa pansi, loti ukangoyetsemula uli m'menemo basi wagubuduka. Mwamunayo lidamumwetsa madzi kangapo konse. Mkaziyo ayi ndithu, akagwira nkhafi bwatolo linkang'amba mtsinje ngati lumo pansalu.

Kenako sitiroko idamupha mayiyo mbali yakumanzere. Dzanja lidapinda, mawu nawo ankatuluka mokoka. Chimene chinkamuwawa kwambiri kalipentala n'chakuti mkazi wake adasiya ngakhale kupempha kuti amutulutse panja.

"Ndikangowabwezera pamadzi achemwali anuwa, adzuka," adatero kwa mlamu wake.

Nanga munthu wa dzanja limodzi angakhale bwanji m'bwato logwedera chotero? Kalipentala adadzitsekera m'shedi osamuuza kanthu mkaziyo. Adazula misomali, n'kudula nthiti zonse za bwatolo. Msana uja adauchekeratu, n'kuikapo thabwa lathyathyathya. M'mbali adawonjezera chikhatho uku, chikhatho uku, n'kumata phula. Ataliyesa pamadzi adaimiriramo n'kuvina kumene, bwato osagwedera. Adaseka koyamba chidwalireni mkazi wake.

Loweruka m'mawa, iye ndi mlamu wake adanyamula mayiyo n'kumukhazika kutsogolo, pilo kumsana. Kalipentala adayamba kupalasa. Kuyenda linkayenda, koma mochita kukankha madzi, phwa phwa, mphuno ikungokhotera uku ndi uku.

Mkaziyo adatsitsa dzanja lamoyo lija n'kusisita pansi pa bwato. Adasisitanso, kufunafuna mzere pamene matabwa ankakumana.

"Bambo, langa lija lili kuti?"

"Ndi lomweli, mayi. Ndangolikonza kuti musagwe."

"Nanga msana wake?"

"Ndidaucheka."

 Mayiyo atayankhula, mawu ankabwera limodzilimodzi, koma onse ankamveka.

"Ine tsiku lililonse ndimalipalasa m'mutumu. Ndimati ndikachira ndidzalipeza likundidikira." Adameza malovu movutikira. "Kani inu mudaona kale kuti sindichira?"

Kalipentala adafuna kukana, bodza osatuluka. Adali ataonadi, kalekale, ndipo adauza macheka asanadziuze yekha. Nkhafi idali m'mwamba ikudontha madzi.

"Tembenuzani, bambo," adatero mkaziyo. "Ndikufuna ndikagone."